Mmene mungakonzere ulendo wa tchuthi wopita ku zilumba za kumadera otentha

Chimene chimalamulira ulendo wopita ku gulu la zilumba ndi nyanja imene ili pakati pa chilumba china ndi chinzake. Nyanjayo ndiyo imanena tsiku limene boti linganyamuke, ola limene ndege yaing'ono ingatere, kulemera kwa katundu amene munganyamule, ndiponso gawo lalikulu la ndalama zimene mudzawononge, koma zithunzi za mchenga woyera ndi mitengo ya kokonati zimene zimakopa anthu sizionetsa chilichonse mwa zimenezi. Chifukwa chake malangizo awa akuyambira pa zinthu zimene simungathe kuzisintha, monga nyengo ndi kayendedwe ka maboti, kenaka n'kufika pa zimene zili m'manja mwanu, monga malo ogona ndi zonyamula.

Choyamba, dziwani mtundu wa zilumba zimene mukufuna

Zilumba za kumadera otentha zili m'mitundu iwiri ikuluikulu, ndipo kusiyana kwake kumakhudza zimene mudzachite tsiku ndi tsiku. Pali zilumba zazitali, za mapiri, nkhalango ndi mitsinje, monga za ku Hawaii ndi zikuluzikulu za ku Fiji zimene zinabadwa ndi mapiri ophulika, kapena Mahé, Praslin ndi La Digue ku Seychelles zimene ndi za matanthwe akuluakulu. Palinso zilumba zathyathyathya zimene zinamera pa makorali (miyala yopangidwa ndi tizamoyo ta m'nyanja), monga za ku Maldives, kumene nthaka yangokwera pafupifupi mita imodzi ndi theka pamwamba pa nyanja, ndipo zambiri mwa izo munthu angathe kuzizungulira wapansi ola lisanathe. Pa chilumba chathyathyathya chisangalalo chonse chili m'madzi, kotero munthu wosadziwa kusambira kapena wosakonda kugona pa mchenga tsiku lonse amayamba kutopa nacho pofika tsiku lachitatu. Pa chilumba chachitali, tsiku limene nyanja yawinduka mungathe kukwera phiri kapena kuyenda m'nkhalango, monga ya Vallée de Mai pa Praslin imene bungwe la UNESCO linaiika m'gulu la malo ofunika kwambiri pa dziko lonse mu 1983. Ofuna mbiri yakale ndi moyo wa m'tauni angaganizire za Zanzibar, kumene dera la Stone Town pa chilumba cha Unguja linalowa m'gulu lomweli mu 2000.

Funsani aliyense amene mudzapite naye chimene akuyembekezera, ndipo ngati pali ana aang'ono kapena okalamba, kondani zilumba zimene zili pafupi ndi chipatala chachikulu komanso zosafuna maulendo ataliatali a pa boti.

Chachiwiri, sankhani mwezi potsata mphepo

Kumadera amenewa kumatentha chaka chonse, choncho funso la kutentha ndi kuzizira lilibe ntchito kwenikweni. Chofunika kudziwa ndi kumene mphepo imachokera m'mwezi umene mukufuna kupita, chifukwa mphepoyo ndiyo imabweretsa mvula, mafunde ndi madzi avundu. Ku Maldives, kuyambira Disembala mpaka Epulo mphepo imachokera kumpoto cha kum'mawa, kumakhala kouma ndipo nyanja imakhala bata, pamene kuyambira Meyi mpaka Novembala imachokera kum'mwera cha kumadzulo ndipo imadza ndi mvula. Ku Zanzibar mvula yaikulu imagwa kuyambira Malichi mpaka Meyi, ndipo ina yocheperako imagwa cha mu Novembala ndi Disembala. Ku Seychelles, kuyambira Meyi mpaka Seputembala kumaomba mphepo yamphamvu yochokera kum'mwera cha kum'mawa, imene imachepetsa mvula koma n'kuwindula nyanja, kotero miyezi imene mphepo ikusinthana, ya Epulo ndi Okutobala mpaka kumayambiriro a Novembala, ndiyo imakhala ndi madzi odekha ndi oyera.

Mphepo imasiyanitsanso magombe a pa chilumba chimodzi, ndipo mfundo imeneyi anthu ambiri amaiphonya. Pamene mphepo ya kum'mwera cha kum'mawa ikuomba ku Seychelles, gombe la Beau Vallon, limene lili kumpoto cha kumadzulo kwa Mahé, limakhala lobisika ndi labata, pamene gombe la Grand Anse pa Praslin limaunjikana udzu wa m'nyanja. Musanalipire malo ogona, yang'anani pa mapu mbali imene gombe lake layang'ana, ndipo musankhe mbali imene yafulatira mphepo ya mwezi umenewo.

Nkhani ya anamondwe ndi yosafunika kuichepetsa. Kum'mwera cha kumadzulo kwa nyanja ya Indian, kumene kuli Mauritius, Réunion ndi Comoros, nyengo yawo imayamba mu Novembala n'kutha mu Epulo, ndipo ku Fiji ndi zilumba zoyandikana nayo ndi miyezi yomweyo. Namondwe Winston, amene anasakaza kwambiri ku Fiji, anaomba mu Febuluwale 2016. Ku Caribbean nyengoyi imayamba pa 1 Juni n'kutha pa 30 Novembala. Zilumba zimene zili pafupi kwambiri ndi ikweta, monga Maldives ndi zilumba zikuluzikulu za Seychelles, sizikumana ndi anamondwe kawirikawiri. Mitengo ya malo ogona imatsika m'miyezi ya mvula, ndipo sikulakwa kupezerapo mwayi, malinga mukudziwa chimene chatsitsa mtengowo ndipo mwasiya masiku apadera oti boti likalephera kunyamuka musataye ulendo wonse.

Chachitatu, konzani zowoloka musanaganize za hotela

Apa ndi pamene ulendo umakomera kapena kuwonongekera. Seychelles ili ndi zilumba 115, Fiji ili ndi zoposa 330, ndipo Maldives ili ndi pafupifupi 1,190 zimene zili m'magulu 26, kotero munthu akaona mapu amalakalaka kuponda paliponse. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Kusamuka kulikonse kuchoka pa chilumba china kupita pa china kumadya theka la tsiku, nthawi zina tsiku lathunthu, mukawerengera kulongedza, kupita ku doko, kudikira, kuwoloka, ndi kudikiranso kuti chipinda chatsopano chikonzedwe. Ine ndimalangiza kuti pa chilumba chilichonse mugonepo masiku osachepera atatu, kutanthauza kuti sabata imodzi ikwanira zilumba ziwiri, ndipo masabata awiri akwanira zitatu kapena zinayi. Zilumba zing'onozing'ono zapafupi mungathe kukazionera m'mawa n'kubwerako madzulo popanda kusamutsa katundu.

Mukasankha zilumbazo, fufuzani njira yeniyeni yolumikiza chilichonse ndi chinzake, masiku amene imayenda ndi ola lomaliza kunyamuka. Magulu ena ndi osavuta. Kuchoka pa Mahé kupita pa Praslin ndi pafupifupi ola limodzi pa boti lothamanga, ndipo kuchoka pa Praslin kupita pa La Digue ndi mphindi 15 zokha. Kuchoka ku Dar es Salaam kupita pa Unguja ndi pafupifupi maola awiri. Magulu ena ndi omwazikana. Rodrigues ili m'dziko la Mauritius, koma ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 560 kum'mawa, ulendo wa ola limodzi ndi theka pa ndege, ndipo ku Hawaii pafupifupi ulendo uliwonse wa pakati pa zilumba zikuluzikulu ndi wa pa ndege. Ku zilumba za Yasawa ku Fiji, boti lalikulu la apaulendo limanyamuka m'mawa pa doko la Denarau, n'kumatsitsa anthu chilumba ndi chilumba, kenaka n'kubwerera madzulo, choncho wofika pa bwalo la ndege la Nadi masana ayenera kugona kumeneko n'kudikira la mawa lake.

Ku Maldives nkhaniyi imafuna chidwi chapadera. Ndege zochokera kunja zambiri zimatera pa bwalo la Velana, pafupi ndi likulu la Malé, ndipo kuchoka pamenepo mlendo amapitiriza pa boti lothamanga, pa ndege ya m'dziko momwemo kapena pa ndege yotera pamadzi. Ndege zotera pamadzi zimauluka masana okha, kotero wofika dzuwa litapendeka amagona ku Malé kapena ku Hulhumalé ngakhale atalipira kale chipinda chodula pa chilumba chakutali. Maboti a anthu onse ndi otsika mtengo kwambiri, koma amayenda pang'onopang'ono, safika pa chilumba chilichonse tsiku lililonse, ndipo ambiri sayenda Lachisanu, limene ndi tsiku la mapemphero. Musalipire hotela musanafunse mtengo wokafikira kumeneko ndi kubwerako, chifukwa nthawi zina umaposa wa chipinda cha usiku umodzi kapena iwiri.

Dongosolo lonse mulikonze chobwerera m'mbuyo, kuyambira pa ndege yobwerera kwanu. Yambani tchuthi pa chilumba chakutali kwambiri, muzibwera chakufupi, ndipo usiku womaliza mugone pa chilumba chimene chili ndi bwalo la ndege zopita kunja. Chifukwa chake n'chakuti tikiti ya boti kapena ya ndege yaing'ono imene mwagula padera sigwirizana ndi tikiti yanu yaikulu, ndipo boti likachedwa ndi mafunde kampani ya ndege sikhala ndi udindo wokudikirani kapena wokupatsani mpando wina kwaulere. Usiku umodzi wogona pafupi ndi bwalo la ndege ndi wotsika mtengo poyerekeza ndi tikiti yatsopano yogula tsiku lomwelo.

Kwerani maboti a makampani ovomerezeka, okhala ndi majekete oyandamitsa okwanira aliyense, ndipo mukaona kuti boti ladzaza mopyola muyeso, tsikani, mudikire lina. Sitima ya Spice Islander I imene inamira pakati pa Unguja ndi Pemba mu Seputembala 2011, n'kuphetsa anthu ambirimbiri, inali itanyamula anthu ndi katundu kuposa mphamvu yake. Amene amachita nseru pa madzi amwe mankhwala ake asanakwere, akhale chapakati kapena chakumbuyo kwa boti kumene sikugwedezeka kwambiri, ndipo aziyang'ana patali.

Chachinayi, ikani mapepala m'malo

Mayiko ambiri amafuna kuti pasipoti ikhale ndi miyezi isanu ndi umodzi isanathe ntchito, komanso amafuna kuona tikiti yobwerera ndi umboni wa kumene mukagone. Kusafuna viza sikutanthauza kuti palibe chochita musananyamuke. Seychelles imafuna kuti mlendo apemphe chilolezo cholowera pa intaneti ulendo usanayambe. Maldives imapereka viza ya masiku 30 pofika, koma mlendo ayenera kudzaza fomu ya IMUGA pa intaneti m'kati mwa maola 96 asanafike. Zanzibar, kuyambira mu Okutobala 2024, imafuna kuti alendo ochokera kunja agule inshuwalansi ya ku Zanzibar komweko ngakhale ali nayo kale ina. Zonsezi muzichitire pa masamba a boma a dzikolo, chifukwa pali masamba ena ofanana nawo amene amalipiritsa ndalama zambiri pa ntchito yomweyo.

Fufuzaninso mwini wake wa zilumbazo. Hawaii ndi gawo la United States, Réunion ndi Mayotte ndi za France, ndipo malamulo olowera amachokera ku mayiko amenewo. Viza ya Schengen, yolowera m'mayiko ambiri a ku Ulaya kuphatikizapo France, payokha sikutsegulirani khomo la Réunion pokhapokha italembedwa kuti ikugwiranso ntchito kumeneko. Onaninso ngati dziko limene mukasinthire ndege limafuna viza ya odutsa. Ngati mukuchokera kapena kudzera m'dziko limene muli matenda a yellow fever, mungafunsidwe khadi la katemera wake, limene limayamba kugwira ntchito patatha masiku 10 chibayitsireni, ndipo kuyambira 2016 limagwira ntchito moyo wonse.

Chachisanu, sankhani malo ogona ndi kuwerengera ndalama

Hotela imene ili yokha pa chilumba chake ilibe wopikisana naye, kotero chakudya, madzi akumwa ndi ulendo uliwonse wa pa boti mudzagula kwa iyo pa mtengo umene yanena. Pa malo otere n'kwanzeru kulipiriratu chipinda pamodzi ndi chakudya, mutawerenga bwino zimene zaphatikizidwa ndi zimene zasiyidwa. Pa chilumba chokhala anthu, pamene pali malo odyera angapo ndi msika, chipinda ndi chakudya cham'mawa n'zokwanira, ndipo ndalama zanu zimafikira mabanja a pa chilumbapo. Ku Maldives, nyumba za alendo pa zilumba zokhala anthu zinaloledwa kuyambira 2009, ndipo zimenezi zinatsegula dzikolo kwa anthu a ndalama zochepa, koma pa zilumba zimenezi mowa ndi woletsedwa ndipo zovala zosambira zimavalidwa pa gombe lokhalo limene lapatulidwira alendo.

Mtengo umene mumauona poyamba nthawi zambiri sukhala womaliza, chifukwa pamwamba pake amawonjezera msonkho wa boma, msonkho wa zachilengedwe ndi ndalama ya antchito, choncho pemphani mtengo wonse wolembedwa. Werenganinso malamulo obwezera ndalama ulendo ukalephereka, makamaka ngati mukupita m'nyengo ya anamondwe. Makina otapira ndalama sapezeka pa zilumba zing'onozing'ono zambiri, ndipo makina olipirira ndi khadi amadalira netiweki imene imathawathawa, kotero tapani ndalama pa chilumba chachikulu musanawoloke. Patulani ndalama zokwanira kugona ndi kudya masiku awiri owonjezera, zimene simudzazikhudza pokhapokha nyanja itakutsekerani.

Chachisanu ndi chimodzi, samalani za umoyo

Kaonaneni ndi a zaumoyo patatsala masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi kuti munyamuke, kuti katemera wofunika apeze nthawi yogwira ntchito. Malungo alipo ku Zanzibar, Comoros, Vanuatu ndi Solomon Islands, pamene ku Seychelles, Maldives ndi Fiji kulibe, koma ngakhale kumene kulibe malungo kumapezeka matenda a dengue ndi chikungunya, amene udzudzu wake umaluma masana, choncho neti yokha sikwanira ndipo mafuta othamangitsa udzudzu ayenera kudzoledwa kuyambira m'mawa.

Inshuwalansi ya ulendo wotere iyenera kulipira zonyamula wodwala pa boti kapena pa ndege kupita naye ku chipatala chachikulu, chifukwa pa chilumba chaching'ono pamangopezeka chipatala chothandiza zazing'ono, ndipo mtengo wosamutsa munthu wovulala ungathe kuposa wa tchuthi chonse. Onetsetsani kuti ikuphatikiza masewera a pamadzi amene mukufuna kuchita. Amene adzamire pansi pa nyanja ndi mabotolo a mpweya akumbukire kuti sayenera kukwera ndege asanathe maola 12 atamira kamodzi, kapena maola 18 atamira kangapo, ndipo aphunzitsi ambiri amalangiza kudikira tsiku lathunthu. Lamuloli likukhudzanso ndege yaing'ono ya pakati pa zilumba, kotero masiku omira aikidwe kumayambiriro kapena pakati pa ulendo. Dzuwa la pafupi ndi ikweta limawotcha khungu la mtundu uliwonse, makamaka msana ndi kumbuyo kwa miyendo pamene munthu wayandama chafufumimba kuonera nsomba, ndipo malaya osambira a manja aatali amateteza bwino kuposa mafuta okha. Bala lochekedwa ndi korali limatukusira msanga kumalo otentha, choncho litsukeni bwino ndi madzi oyera ndi sopo nthawi yomweyo.

Chachisanu ndi chiwiri, longedzani zochepa

Muyeso wa katundu wanu utsate ndege yaing'ono kwambiri pa ulendo wonse. Ndege zotera pamadzi za ku Maldives, mwachitsanzo, zimalola pafupifupi makilogalamu 20 ndi kachikwama ka m'manja, ndipo zopitirira pamenepo zimalipiridwa kapena kutsalira. Chikwama chofewa chimalowa bwino m'boti kuposa sutikesi yolimba, ndipo popeza pa zilumba zina palibe doko, moti munthu amatsikira m'madzi ofika m'mawondo, pasipoti, foni ndi ndalama zikhale m'thumba losalowa madzi. Mankhwala amene mumamwa tsiku ndi tsiku akhale m'chikwama cha m'manja, ochuluka kuposa masiku a ulendo, ndipo batire lapadera lotchajira foni likhalenso m'menemo chifukwa makampani a ndege salola kuti lipite ndi katundu wa pansi. Sindikizani matikiti ndi maadiresi pa pepala, ndipo sungani mapu m'foni kuti azitseguka popanda intaneti. Zilumba zina zili ndi malamulo pa zimene zingalowe: Palau kuyambira 2020 ndi Hawaii kuyambira 2021 analetsa kugulitsa mafuta oteteza ku dzuwa okhala ndi mankhwala ena owononga makorali, monga oxybenzone, ndipo Tanzania inaletsa majumbo apulasitiki mu 2019.

Mukafika

Tsiku loyamba funsani asodzi kapena antchito a pamalo ogona za gombe limene n'labwino kusambirapo m'nyengo imeneyo, chifukwa madzi ooneka odekha pakati pa mafunde nthawi zina ndi mkokomo wokokera kunyanja. Mukagwidwa nawo musalimbane nawo polunjika kumtunda, koma yandamani, musambire chopingasa motsata gombe mpaka mutatulukamo, kenaka mubwerere. Funsaninso maola amene nyanja imadzaza ndi kuphwa. Kum'mawa kwa Unguja, ku Paje ndi Jambiani, madzi akaphwa amathawira kutali kwambiri, moti kusambira kumatheka maola ena okha, pamene ku Nungwi ndi Kendwa kumpoto munthu amasambira pafupifupi nthawi iliyonse. Mukamva chivomezi champhamvu muli pa gombe, kapena mukaona nyanja ikubwerera m'mbuyo mwadzidzidzi monga inachitira m'malo ena pa 26 Disembala 2004 mafunde aakulu a tsunami asanasefukire kumtunda, thawirani kumtunda kapena pa nyumba yaitali yolimba osadikira chenjezo.

Makorali ndi zamoyo zimene zimakula pang'onopang'ono, ndipo ambiri anafooka kale ndi kutentha kwa nyanja kwa mu 1998 ndi 2016, choncho musawaponde, musawagwire, ndipo musagule zokongoletsera zopangidwa ndi iwo kapena ndi chigoba cha kamba wa m'nyanja, zimene pangano la mayiko loteteza zamoyo la CITES limaletsa kapena kuchepetsa malonda ake ndipo angakulandeni pa chipata cha dziko. Ngakhale chipatso chotchuka cha coco de mer cha ku Seychelles chimatuluka m'dzikomo pokhapokha chili ndi chizindikiro ndi chikalata cha boma. Madzi abwino pa zilumba zambiri ndi a mvula kapena osefedwa kuchokera m'nyanja pa mtengo wokwera, kotero agwiritseni ntchito mosamala. M'midzi valani modzilemekeza, makamaka ku Zanzibar, Comoros ndi Maldives kumene anthu ambiri ndi Asilamu, ndipo pemphani musanajambule munthu.

Madzulo aliwonse otsogozana ndi tsiku lowoloka, imbani foni kapena pitani ku doko kukatsimikiza ola lonyamuka, chifukwa nthawi za maboti zimasinthidwa potsata mphepo ndi kuphwa kwa nyanja, ndipo uthenga wake sufika kwa aliyense amene anagula tikiti pa intaneti. Akakuuzani kuti mawa nyanja iwinduka ndipo pali boti lonyamuka lero, kwerani la lero.